Chingwe Ndinachiona, Mbuzi Sindinaione

Abale anga a m'midzi, makamaka inu amene muli ndi ana pa sukulu, lolani kuti nkhalamba ikusimbireni za manyazi amene inachita pa khonde la nyumba yake yomwe. Ndinaphunzitsa ana Chingerezi zaka 31 m'sukulu za pulaimale, ndipo m'mudzi mwathu munthu akalandira kalata ya ku boma, kapena ya mwana wake wa ku Johannesburg, ankabwera nayo kwa ine kuti ndimumasulire. Chifukwa cha ichi ndinafika podziyesa mwini wake wa chilankhulocho. Koma m'chaka cha 2022, nditapuma kale ntchito, pepala limodzi la mafunso linandikhazika pansi monga kamwana ka Sitandade 3. Ndipo chimene ndinaphunzira pamenepo ndicho ndifuna kukugawirani lero.

Mwana wanga wachisamba ndi wamkazi, ndipo ntchito yake ndi ya unamwino. Atagwira zaka 6 m'chipatala, sukulu ina yaukachenjede ya ku Britain inamulola kuti akapitirize maphunziro a zaumoyo, napezekanso anthu ofuna kumulipirira. Koma eni sukuluyo anamuikira chinthu chimodzi: ayambe waonetsa kuti Chingerezi amachidziwadi, polemba mayeso otchedwa IELTS. Mayeso amenewa anayamba m'chaka cha 1989, ndipo amene amawayendetsa ndi mabungwe atatu: British Council, IDP ya ku Australia, ndi gulu la mayeso la ku Cambridge. Ali ndi zigawo 4, ndizo kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo chigawo chilichonse chimayesedwa pa muyeso wolekezera pa 9. Sukulu ija inafuna kuti zonse pamodzi zifike pa 6.5, ndiponso kuti pasapezeke chigawo ngakhale chimodzi chotsika pansi pa 6.

Mayesowo ndi olipira, ndipo mtengo wake si wamasewera kwa munthu wa kumudzi. Tinagulitsa mbuzi 4 ndi matumba a mtedza amene amayi ake anasungira mavuto, mwana nanyamuka ulendo wa ku Lilongwe. Zotsatira zitatuluka tinapeza kuti pa kulankhula anapeza 7.5, pa kumvetsera 7, pa kulemba 6.5, koma pa kuwerenga 5.5. Theka lokha ndilo linaperewera. Ndipo chifukwa cha theka limenelo khomo linatsekeka, mbuzi zathu zitapita kale.

Atabwera kumudzi sindinamulandire bwino, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti ndinalakwa. Ndinati kwa iye, "Kodi iwe, munthu wowerenga mabuku aakulu a mankhwala, kuwerenga kungakugonjetse bwanji? Kulankhula ndi Mzungu maso ndi maso wakhoza, nanga pepala losalankhula lakuopsa ndi chiyani?" Iye sanandiyankhe mwamwano. Analowa m'nyumba, natulutsa buku lophunzirira mayesowo, nagwada pambali panga, nati, "Bambo, tayesani inu, kuti mundionetse pamene ndikuphonya." Pamenepo anatchera wotchi ya pa foni yake, naiika pa mpando.

Tsono ndikuuzeni mmene chigawo cha kuwerenga chimakhalira. Munthu amapatsidwa nkhani zitatu zazitali, zimene mawu ake onse pamodzi amakhala pakati pa 2,150 ndi 2,750. Pansi pa nkhanizo pali mafunso 40, ndipo nthawi yake ndi mphindi 60 basi, ndiko kuti mphindi 20 pa nkhani iliyonse ndi mafunso ake. Buku lomasulira mawu sililoledwa. Yankho lolondola lililonse ndi malikisi amodzi. Wokhoza mafunso pafupifupi 23 amafika pa 6, ndipo wokhoza pafupifupi 30 amafika pa 7. Ine ndinavala magalasi anga mwamatama, ndinayamba. Wotchi inalira ndisanafike pakati pa nkhani yachitatu. Ndipo mwana atachonga, anapeza kuti mphunzitsi wa zaka 31 wakhoza 18.

Chimene chinandipweteka koposa chinali nkhani yoyamba, pakuti inali ya malungo, matenda amene ine ndawadwala kosawerengeka, ndiponso mbiri yake ndinkaidziwa. Nkhaniyo inasimba kuti kale madokotala ambiri ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ngakhale panali ena owerengeka amene ankakayikira udzudzu. Inasimba za Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a ku France, amene anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria m'chaka cha 1880; ndi za Ronald Ross, amene anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku Secunderabad, m'dziko la India, m'chaka cha 1897. Pansi pake panali ziganizo zingapo, ndipo pa chiganizo chilichonse munthu anayenera kusankha limodzi mwa mayankho atatu: True, ndiko kuti nkhani ikuvomereza, False, ndiko kuti nkhani ikutsutsa, kapena Not Given, ndiko kuti nkhani sinanenepo kanthu.

Chiganizo china chinati Ross analandira mphoto yaikulu chifukwa cha ntchito imeneyi. Ine ndinalemba True ndi mtima wonse, pakuti ndinkadziwa kuti analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1902. Mwana anachonga kuti ndalakwa. Ndinakwiya, ndinati, "Buku lako ndi labodza! Ichi ndi chinthu chodziwika pa dziko lonse." Iye anati, "Zoonadi, Bambo, mphotoyo analandira. Koma tandilozerani ndi chala pamene nkhani iyi yanena zimenezo." Ndinayendetsa chala changa kuyambira pamwamba kufikira pansi, kawiri konse, koma za mphoto munalibe ngakhale liwu limodzi. Yankho linali Not Given. Mphotoyo inali m'mutu mwanga. Pa pepala panalibe.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo ndili chigonere ndinakumbukira mlandu wina umene ndinauona ndili mnyamata, pa bwalo la amalume anga amene anali nyakwawa. Munthu wina anasowa mbuzi, ndipo mudzi wonse unaloza mkamwini wina wobwera, amene anthu sankamukonda chifukwa anali wosalankhulalankhula. Mboni inali gogo wina wachikazi amene anali ndi dimba m'mbali mwa njira. Amalume anamufunsa kuti, "Kodi inu Agogo, munamuona munthu uyu akuba mbuzi?" Gogoyo anati, "Ndinamuona madzulo akutsikira ku dambo, chingwe chili m'manja. Chingwe ndinachiona, mbuzi sindinaione." Anthu anang'ung'udza, nati, "Nanga chingwe chinali cha chiyani? Nenani zoona, Agogo!" Koma iye anabwereza mawu omwewo, osaonjezapo, osachotsapo. Pamenepo amalume anati, "Mwamva nonse. Sananene kuti waba, sananenenso kuti sanabe. Bwalo silingamange munthu ndi mbuzi imene mboni sinaione."

Mbuzi ija inapezeka patapita masiku atatu m'khola la mudzi wina, kumene inatsatira zinzake. Koma taonani, abale, ngakhale zikadapezeka kuti mkamwiniyo anabadi, umboni wa gogo uja ukadakhalabe woongoka, pakuti iye sanafunsidwe zimene akuganiza, koma zimene anaona. M'mawa kutacha ndinamuitana mwana wanga, ndinamusimbira mlanduwo, ndinati, "Mwana wanga, ndakulakwira dzulo. Mayeso awa sakufunsa nzeru zako za unamwino, kapena zanga za uphunzitsi. Akukuika pa bwalo monga mboni, ndipo chimene unaona ndi nkhani ili pa pepalayo basi."

Pamenepo iye anaulula chimene chinkamugwetsa. Anati yankho la Not Given ankaliopa, chifukwa linkamveka ngati kuvomera umbuli kapena ulesi. Tsono akapeza chiganizo chimene nkhani sinanene, ankachidzaza ndi zimene anaphunzira ku chipatala. Chikagwirizana ndi nzeru zake ankalemba True, chikasemphana nazo ankalemba False. Kudziwa kwake komweko ndiko kunamutchera msampha, monga kunanditcheranso ine.

Kuyambira tsiku limenelo tinakhala ophunzira awiri. Iye anabwerera ku ntchito, koma pa masiku ake opuma ankabwera ndi buku lija, tinkakhala pa khonde, ine ndili nyakwawa, iye ali mboni. Akapereka yankho, ndinkafunsa kuti, "Umboni uli pati?" ndipo ankayenera kuika chala pa mzere weniweni. Akati True, aonetse mzere wovomereza. Akati False, aonetse mzere wotsutsa; pakuti False si kusowa kwa umboni ayi, koma ndi umboni wonena zosiyana. Chiganizo chonena kuti Ross anachita ntchito yake ija ku Africa ndi False, chifukwa nkhani yatchula India poyera. Koma chala chikayenda ndime yonse yokhudza mutuwo osapeza povomereza kapena potsutsa, yankho ndi Not Given, ndipo munthu alilembe mopanda manyazi, monga gogo uja.

M'miyezi imeneyo tinatulukira misampha inanso, imene ndiitchule kuti ana anu aidziwe.

Woyamba ndi wa timawu tating'ono. Ife powerenga timathamangira mawu aakulu ndi ovuta, koma mlandu umagona pa timawu monga all, most, some, only, always, often ndi may. Chiganizo china chinati madokotala onse a kale ankakhulupirira za mpweya woipa. Ine ndinavomera, pakuti mawu ake anali ofanana ndi a m'nkhani. Koma nkhani inati ambiri, nionjeza kuti ena ankakayikira udzudzu. "Ambiri" ndi "onse" ndi zinthu ziwiri. Mayi akauzidwa kuti nkhuku zambiri zafa ndi chitopa, amathamangira ku khola kukaona zotsala. Akauzidwa kuti zonse zafa, amakhala pansi ndi kulira. Kusiyana kumene timakumva msanga m'chilankhulo chathu, tikuphunzire kukumvanso m'Chingerezi.

Wachiwiri ndi wa mawu osinthidwa zovala. Wolemba mafunso kawirikawiri sabwereza mawu a m'nkhani, koma amanena chinthu chomwecho ndi mawu ena. Chiganizo china chinati tizilombo ta malungo tinaoneka m'magazi a munthu tisanaoneke mu udzudzu. M'nkhani monse munalibe mzere wonena choncho. Koma munali 1880 pa dzina la Laveran ndi 1897 pa dzina la Ross, ndipo zaka ziwirizo ndizo mboni. Yankho linali True. Tsono musandimve molakwa: kukhala mboni yokhulupirika si kuleka kuganiza. Chimene nkhani yanena ndi mawu ena, yanenabe. Chimene sitiloledwa ndi kubweretsa katundu wa kwathu ndi kumuika m'nkhani ya eni ake.

Wachitatu ndi wosiyana ndi umenewo, ndiwo wa nyambo. Nthawi zina liwu la m'funso limaonekera m'nkhani momwemo, ndipo wofulumira amalikhwatula monga nsomba ikhwatula nyongolotsi, osaona mbedza. Pa mafunso osankha yankho limodzi mwa anayi, yankho lobwereza mawu a m'nkhani ndendende ndi loyenera kuliyang'ana kawiri, pakuti mwina mawuwo m'nkhani akunena za munthu wina kapena za nthawi ina. Pano ndiyenera kudziimba mlandu ine mwini. Zaka zonse zija ndinkachonga kuti wakhoza mwana aliyense wopeza chiganizo chokhala ndi liwu la m'funso ndi kuchikopera chonse. Ndinkayesa kuti ndikuphunzitsa kumvetsa nkhani, chikhalirecho ndinkaphunzitsa kusaka mawu ofanana. Ndipo mwana wanga yemwe anadutsa m'manja mwanga m'Sitandade 7.

Wachinayi ndi wa malangizo olembedwa pamwamba pa mafunso. Pali mafunso odzaza mipata, amene amalamula kuti yankho lisapitirire mawu awiri, kapena atatu, kapena likhale liwu limodzi lokha. Wolemba mawu atatu pamene afuna awiri walakwa, ngakhale ganizo lake likhale loona. Ndipo wolakwitsa kalembedwe ka liwu walakwanso, chinkana liwulo lili pamaso pake m'nkhani. Palinso mafunso ena ofanana ndi aja atatu, koma mayankho ake ndi Yes, No ndi Not Given. Amenewa amafunsa za maganizo a mlembi wa nkhaniyo. Apa munthu asamale kuti adziwe amene akulankhula, pakuti mlembi angathe kusimba maganizo a anthu ena m'ndime yathunthu, kenaka n'kuwakana ndi kaliwu kamodzi monga however. Ali ngati nkhoswe yofotokoza madandaulo a mbali ina isananene zake. Wochoka pa bwalo msanga amapita ndi nkhani yolakwika.

Wachisanu ndi wa mitu ya ndime. Munthu amapatsidwa mndandanda wa mitu, nauzidwa kuti aike mutu woyenera pa ndime iliyonse. Ndipo mituyo imakhala yochuluka kuposa ndime, kotero kuti ina ndi yongosocheretsa. Mutu wosocheretsa umatenga kanthu kamodzi kotchulidwa m'ndimemo, pamene mutu woona umanyamula ndime yonse. Tinkachita chotere: mwana akawerenga ndime, ndinkatseka buku ndi dzanja, ndi kumuuza kuti andiuze m'Chichewa, m'mawu ochepa, chimene ndimeyo yanena. Akalephera kunena m'chilankhulo cha amayi ake, ndiye kuti sanamve. Akatha, mutu woyenera unkadzionekera wokha.

Wotsiriza ndi wa nthawi. Ine ndinagwa chifukwa ndinkawerenga liwu ndi liwu monga ndikuwerengera kalasi, ndi kuima pa liwu lililonse lachilendo. Tinaphunzira kuyamba ndi kuyendera nkhani mwachangu, kuti tidziwe chimene chili m'ndime iliyonse, monga munthu ayendera munda asanayambe kulima; kenaka kuwerenga funso mosamala, kupeza ndime yake, ndi kudekha pa mizere iwiri kapena itatu yokhayo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekhako kukhale pamene pali nkhono, osati pa dambo lonse. Tinaonanso kuti mafunso a True, False ndi Not Given amatsata dongosolo la nkhani, kotero kuti yankho la funso lachitatu limapezeka kunsi kwa yankho la funso lachiwiri. Funso likakanika, munthu alembe chimene akuchiyesa chapafupi napitirire, pakuti yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, koma mpata wosiyidwa sungabale kanthu.

Eni sukulu ija anachita chifundo, namusungira malo kufikira chaka chotsatira. M'chaka cha 2023 tinagulitsanso mbuzi zotsala, ndipo amayi ake anaonjezapo ndalama za ku banki ya m'mudzi. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza kufikira pa msewu, ndipo sindinamuuze mawu ambiri; ndinangoti, "Ukanene za chingwe chokha." Iye anaseka, nakwera galimoto. Zotsatira zitafika, pa kuwerenga panali 7. Mphini yobwereza imawaladi. Chaka chomwecho anapita ku maphunziro ake, ndipo m'kalata yake yoyamba anandiuza kuti aphunzitsi a kumeneko amafunsa funso lomwe lija la pa khonde: umboni uli pati? Pamenepo ndinazindikira chifukwa chake mayesowo anapangidwa motero. Wophunzira amene sangasiyanitse zimene buku lanena ndi zimene iye akuganiza, adzanamizira mabuku moyo wake wonse. Ndipo ngati ali namwino wowerenga malangizo a dokotala, kunamizira kotero kungatayitse moyo wa munthu.

Tsono inu makolo anzanga, mwina mukuti nkhani iyi ndi ya anthu opita kunja, ife sitikukhudzidwa. Iyayi. Mwana wa Sitandade 8, ndi wa Folomu 4 yemwe, amakumana ndi nkhani ya Chingerezi yokhala ndi mafunso pansi pake, ndipo dzenje limene amagweramo ndi lomweli. Simusowa kudziwa Chingerezi kuti mumuthandize. Madzulo mutatha kudya, muuzeni akuwerengereni ndime imodzi ya m'Chichewa, kaya ya m'buku la kusukulu, kaya mawu a pa paketi ya mbewu kapena pa botolo la mankhwala. Akatha, munene ziganizo zitatu: china chimene pepala lanena koma ndi mawu anuanu, china chotsutsana nalo, ndi china chomveka bwino koma chimene pepala silinanene. Iye asiyanitse, naloze ndi chala. Poyamba adzagwa pa chachitatucho, monga ndinagwera ine. Koma musamukalipire monga ndinachitira ine. Ndipo tsiku limene adzakuyankheni molimba mtima kuti, "Amayi, zimenezo pano sanalembe," mumuyamikire kwambiri, pakuti wayamba kuwerenga.

Ine tsopano ndakalamba, ndipo anthu obwera ndi makalata achepa, popeza ana awo amawawerengera pa foni. Koma wina akabwera, ndimawerenga mosiyana ndi kale. Tsiku lina mayi wina anandibweretsera kalata yochokera kumene mwana wake anafunsira ntchito, nandifunsa ndi maso a chiyembekezo kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti amulemba?" Kale ndikadamukondweretsa ndi kumuuza kuti zikuoneka choncho. Koma ndinayendetsa chala pa kalatayo kawiri, ndinati, "Mayi, alemba kuti kalata yake aiona, ndipo adzamuitana Lachiwiri kuti akacheze naye. Za kumulemba ntchito sananene. Mumuchapire malaya, apite akadziyankhire yekha."

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito.